Dzuwa Limene Tinkalowetsa Masana

Nyumba yosamalira okalamba imene ndinkagwirako ntchito ili kunja pang'ono kwa tauni ya Balaka, kuseri kwa minda ya thonje. Ndi ya mpingo, koma polandira munthu safunsa kumene amapemphera. Ndinapitako pamene nyuzipepala imene ndinkaitumizira nkhani za ku Liwonde ndi Machinga inasiya kutenga nkhani kwa ife atolankhani a m'maboma. Ntchito imene inalipo inali ya kumbali ya azibambo: kuwasambitsa, kuwameta, kuwasintha akadziipitsira, kuwadyetsa. Ndinaivomera chifukwa kunyumba kunali ana.

Ambiri mwa okalamba athu anali ndi matenda oiwalaiwala. Kumudzi amangoti munthu wabwerera ku umwana, koma si zoona. Mwana amadziwa lero zimene sankadziwa dzulo. Awa amataya lero zimene anali nazo dzulo, ndipo chimene chidzatsale pomaliza palibe amachidziwiratu. Wina amatsala ndi nyimbo za kwaya. Wina amatsala ndi mkwiyo wokhawokha. Tinali ndi bambo wina amene kale anali kondakitala wa basi. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la bafa n'kumatifunsa matikiti. Kwa ambuje a ku Chikweo chimene chinatsala ndi mwezi wa Ramadani.

Tinkangowatchula ambuje, monga mmene Ayao amatchulira munthu wamkulu. Anali aatali, owonda chibadwire, a ndevu zoyera zochepa, ndipo kofiya yawo sinkachoka kumutu. Anabwera nawo ndi mwana wawo wamwamuna, wochita geni pa Nayuchi, kumalire ndi Mozambiki. Iyeyo ndiye anatiuza mbiri yawo. Kwa zaka zambiri anali mwazini, woitanira anthu ku mapemphero, pa kamzikiti ka m'mudzi mwawo. Wotchi analibe ndipo sankaifuna. Mwezi wosala ukafika ankakwera pachulu cha kuseri kwa mzikiti n'kumayang'ana kumadzulo, mudzi wonse uli chete, makapu a madzi ali m'manja. Dzuwa likamira iwo ankaitana azana, anthu n'kumwa. Akapanda kuitana palibe ankayerekeza.

Akazi awo atamwalira anayamba kusochera. Tsiku lina anawapeza opanda nsapato panjira yopita ku nyanja ya Chiuta. Mudzi umene ankakhala unali wa kuchikazi, ndipo abale a malemu anapirira mpaka anatopa. Mwana wamkazi ali ku Joni. Wamwamunayu moyo wake ndi wa pamsewu. Umo ndi mmene anatipezera.

M'mawa woyamba ndinawatengera phala. Anayang'ana mbale, n'kundiyang'ana ine mwachifundo, ngati munthu wosaleredwa bwino.

"Ndamanga, mwananga."

Msilamu akati wamanga ndiye kuti akusala: sadya, samwa, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litalowa. Koma Ramadani inali itadutsa kalekale, Idi anthu anadya n'kuiwala. Ndinachotsa mbale n'kudziuza kuti adya madzulo.

Madzulo ndiye panali vuto. Matendawa ali ndi khalidwe limene aliyense wa ntchito yathu amalidziwa: dzuwa likamapendeka, odwala ambiri amabalalika. Ambuje ankadzuka n'kuyamba kufunafuna chulu chawo. Ankayenda m'mbali mwa mpanda, kugwedeza geti, kukalipira mlonda m'Chiyao kuti mudzi wonse ukuwadikira ndipo iye akuwatsekereza. Pamene mdima unkagwa anali atatheratu mphamvu. Tikawagoneka ankalola madzi pang'ono chabe, mwina nthochi theka, n'kugona. Kukacha, amanga.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene sanakhalepo ku Balaka nyengo imeneyi sangamvetse. Malata amalira okha, madzi a mu ndowa amafunda ngati owiritsa, agalu amasiya kuuwa. Munthu wabwinobwino amamwa kapu ndi kapu osakodza. Ambuje ngakhale malovu sankameza. Anali ndi kachitini pambali pa mpando kolavulira, kuti kusala kwawo kusaonongeke. Milomo inang'ambika. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Mkanjo wawo unayamba kulendewera ngati waupachika pamsomali. Anesi athu, mayi wachikulire wosachedwa ndi mawu, anatsina khungu la padzanja lawo, ndipo khungulo linaima osabwerera.

"Akapitiriza chonchi, mvula saiona," anatero.

Tinapita nawo kuchipatala, anawaika diripi. Atangotsitsimuka anaizula okha, magazi n'kudontha pansi, akuti madzi olowera pamkono ndi madzi ndithu.

Ine ndinaphunzitsidwa kuti munthu wolakwitsa umamuonetsa umboni. Ndinachotsa kalendala pakhoma la ku ofesi, ija yosonyeza masiku a tchuthi, n'kuwalozera pamene panali Idi ndi pamene tinali.

"Mwezi amauona kumwamba," anatero. "Iwe ukuuona pakhoma?"

Ndinawatsegulira wailesi kuti amve kuti palibe akulankhula za kusala. Anati a wailesi ndi anthu a m'tauni. Anesi anatumiza uthenga kumzikiti wa pafupi, ndipo kunabwera shehe wina wodekha, pa njinga. Anakhala nawo pamkeka, n'kuwafotokozera bwinobwino kuti mweziwo sunafike, ndipo ngakhale utafika, wodwala ndi wokalamba wofooka sakakamizidwa. Ambuje anamvetsera, anavomera, anamwa kapu yathunthu shehe akuona. Tonse tinapuma. Shehe asanafike n'komwe pamsewu waukulu ndinawapatsa kapu yachiwiri.

"Ndamanga, mwananga."

Chimene chinatitsegula maso ndi chizimalupsa, mvula ija imagwa kamodzi nyengo yotentha isanathe. Tsiku limenelo mitambo inachokera ku mapiri a ku Ntcheu n'kuphimba kumwamba masana enieni. M'chipinda chodyera munada moti tinayatsa nyali. Ambuje anasuzumira pawindo, anaimirira okha popanda wowagwira, anaika manja m'makutu, n'kuitana azana. Sindinkadziwa kuti m'chifuwa chouma chija munali mawu otere. Kondakitala uja anasiya kutafuna. Ambuje atamaliza anakhala pansi n'kutambasula dzanja. Anamwa madzi, anadya mbatata zonse zimene zinali m'mbale, anapempha zina.

Wophika wathu anali mayi wa ku Ngokwe, Msilamu, wamsinkhu wanga, amene ndinkamutchula achemwali. Anaima pakhomo la khitchini, chipande chili m'manja.

"Achimwene, mwaona zimene ndaonazi?"

Ndinali nditaziona. Mawa lake tinakambirana atatu, iwo, anesi ndi ine. Panali kachipinda kamene tinkasungiramo mabulangete nyengo yotentha, ka windo limodzi laling'ono loyang'ana kumadzulo. Tikatchinga mipata ya chitseko ndi bulangete, n'kupachika pawindo chitenje chofiira chopinda pawiri, kuwala kwa mkatimo kunkafanana ndi kwa dzuwa limene langomira kumene. Anesi analowa, anayang'ana, n'kunena kuti m'mabuku a unamwino zimenezi mulibe, koma maliro a munthu wofa ndi ludzu pakati pa mipopi iwo sakuwafuna.

Achemwali anavomera kuphika futali, chinangwa kapena mbatata yothira nsinjiro, chakudya chimene anthu a kwawo amamasulira kusala. Chitenje chofiiracho chinali chawo.

"Chitenje ndi ichi, tengani. Futali ndiphika. Koma mawuwo iyayi, pakamwa panga sadutsa."

"Mawu ati?"

"Oti dzuwa lalowa. Inu ndinu a Katolika. Loweruka mukagwada kwa ansembe, mukanena, zatha. Ine ndikanena kwa yani?"

"Ndiye bodza likhale langa ndekha?"

"Si munali a nyuzi inu? Munazolowera."

Anesi anaseka. Inenso ndinaseka.

Ndinawatenga ambuje dzuwa lili pamutu, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono m'kanjira ka m'kati mwa nyumba, kamene kamakhala ka mdima, kuti maso awo aiwale kuwala kwa panja. Tinalowa, ndinatseka. Anakhala pamkeka n'kuyang'ana kufiira kwa pawindo nthawi yaitali.

"Lalowa?"

"Lalowa, ambuje."

"Waliona ndi maso ako?"

Funso limeneli ndinkalidziwa. Mkonzi wanga woyamba ankandifunsa lomweli nkhani iliyonse ndikatumiza: waona wekha kapena wauzidwa? Kwa ambuje linali funso la munthu wodziwa kulemera kwa ntchito yake, amene mudzi unkamwa madzi potsamira mawu ake.

"Ndaliona."

Anandigwira pamkono.

"Iwe sunama."

Anaimirira, anaitana, anakhala pansi, anamwa.

Kuyambira pamenepo dzuwa la m'kachipindako linkalowa m'mawa, linkalowa masana, linkalowanso chakumadzulo. Sankakumbukira kuti lalowa kale. Nthawi iliyonse funso linali lomwelo, yankho lomwelo, ndi dzanja lomwelo pamkono panga.

Anzanga a pantchito anapeza chowasangalatsa. Anandipatsa dzina loti Bwana Dzuwa.

"Bwana Dzuwa," mlonda ankatero ndikamalowa pageti, "lero mulilowetse msanga, ndili ndi maliro kwathu."

"Musayerekeze," ankayankha mayi wochapa zovala ali pachingwe. "Mashiti anga sanaume."

Ntchito yathu popanda nthabwala siyenda. Munthu amene wayamba tsiku ndi kupukuta chimbudzi cha bambo wa msinkhu wa bambo ake, n'kutukwanidwa nayenso, amafunika poseka. Sindinawaletse.

Ndipo zinkagwira. Khungu linasiya kuima. Milomo inapola. Anayamba kuyenda popanda ndodo, ndipo phokoso la pageti linachepa, mwina chifukwa mtima wawo unkakhala utakhutira kuti aitana kale. Akadya ankalankhula. Anandiuza za ulendo wa panjinga wokagula nsomba ku Chiuta, za chaka chimene anyani anathera chimanga cha mudzi wonse, za mmene umausakira mwezi watsopano: osayang'ana pamene dzuwa lamira penipeni, koma pamwamba pake pang'ono, ndipo osaphethira. Dzina langa sanalisungepo. Koma ndikalowa m'chipinda chawo nkhope inkamasuka, ndipo ankalola ine ndekha kuwameta. Pa ntchito imeneyi malipiro enieni ndi amenewo. Munthu sakudziwa kuti ndiwe yani, koma thupi lake likudziwa kuti suluma.

Chimene chinkandivuta chinali chimodzi. Mbale ikafika sankayamba iwo. Ankanyema chinangwa n'kundipatsa ine.

"Mlendo ayambe. Wamanga tsiku lonse, milomo yako ikuoneka."

Ine m'mimba muli tiyi ndi mandasi a kukhitchini. Ndinkalandira n'kudya. Akamaliza ankatambasula manja n'kundipempherera, ine ndi ana anga, kuti Mulungu alandire kusala kwanga. Poweruka ndinkapalasa njinga kulowera kumadzulo, dzuwa lenileni likumira kuseri kwa minda ya thonje, lalikulu, lofiira kuposa chitenje. Ndinkayang'ana tayala lakutsogolo.

Shehe uja atabweranso kudzazonda odwala, ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse. Anasisita ndevu.

"Iwo alibe mlandu," anatero. "Munthu amene nzeru zamuthawa sawerengeredwa kanthu."

"Nanga ine?"

"Inu mukafunse kwanu. Ine nkhosa zanga zomwe zikundikanika."

Mwana wa ambuje sitinamuuze. Nambala yake tinali nayo, ndipo ankaimba pafupipafupi. Anesi ankamuyankha kuti bambo akudya bwino, akunenepa, akugona. Zonse zinali zoona. Ine amene ndinagwirapo ntchito ya nyuzi ndimaudziwa mtundu wa choonadi umenewu, umene mutu ndi mchira zili m'malo koma pakati mwachotsedwa. Tinkati tidzamufotokozera akadzabwera, maso ndi maso.

Mvula inagwa, chimanga chinakula, ndipo nthawi ya mondokwa ndi maungu Ramadani yeniyeni inafika. Achemwali tsopano ankaphika futali masana iwo eni atamanga. Mchere sankatha kulawa, ndiye ankandiitana.

"Bwana Dzuwa, bwerani mulawe. Pakamwa panu palibe lamulo."

Mwana wa ambuje anabwera m'mwezi womwewo osatiuza. Anatsika minibasi ya ku Liwonde masana, atanyamula kajumbo ka tende, zipatso zija Asilamu amakonda kumasulira, kuti madzulo adzamasule limodzi ndi bambo ake. Mlonda anamutsegulira. Ali pabwalo anamva azana ikuchokera m'kati mwa nyumba. Anatiuza pambuyo pake kuti mawu amenewo anali asanawamve chimwalirire mayi ake. Anathamanga kutsata mawuwo.

Ine ndinali nditakhala pamkeka, ambuje ali ndi chinangwa mkamwa. Chitseko chinatseguka mwamphamvu, bulangete linagwa, ndipo chitseko cha kubwalo chimene iye anasiya chosatseka chinalowetsa kuwala konse kwa masana. Pabwalo pankaoneka mashiti oyera pachingwe, ndi nkhuku itabisala pamthunzi waufupi wa ndowa.

Ambuje anayang'ana panja. Anayang'ana chitenje. Analavulira chinangwa m'dzanja n'kuyamba kupukuta lilime ndi mkono wa mkanjo, mobwerezabwereza. Kenako anagwira mutu.

"Ndaitana masana. Anthu amwa. Mudzi wonse wamasula chifukwa cha ine."

"Baba, ndine," mwana wawo anatero. "Baba."

Sanamuyang'ane. Anayang'ana ine.

"Iwe unati waliona."

Ndakhalapo pamaso pa anthu okwiya ndi nkhani zanga, ena mpaka kundiopseza, ndipo mawu sankandisowa. Apa ndinangotola mbale.

Nkhani inakambidwa pakhonde. Mwanayo sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

"Mukanawapatsa nkhumba ndikanati ndi umbuli," anatero. "Koma izi munakhala pansi. Munayeza windo. Bambo anga akuitana azana m'chipinda cha mabulangete, inu mukuonerera ngati sewero."

"Sewero ayi, bambo," anatero anesi. "Munawasiya akufa. Taonani mmene alili lero."

"Bwanji simunandifunse?"

Anesi anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Mlonda, posadziwa zimene zinkachitika, anakuwa ali kugeti kuti Bwana Dzuwa njinga yanu yaphwa. Mwanayo anamva. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mpaka dzina munapatsana."

Kenako anatembenukira kwa achemwali, amene anaima pakhomo la khitchini.

"Ndi inunso, amayi? Mwezi uno?"

"Ine ndinaphika," anayankha. "Njala ndinaiona ndi maso. Zinazo Mwini wake adzandifunsa."

Mwanayo analamula kuti chitenje chichotsedwe. Anati geni idikire, iye akhala ku Balaka kwa mnzake, azibwera tsiku lililonse kudzawadyetsa yekha, mwachoonadi. Zikakanika awatenga. Kumene akanapita nawo sanatchule, ndipo tonse tinkadziwa kuti kulibe.

Pofika madzulo ambuje anali ataiwala zonse. Koma pali chinthu china chimene matendawa amachita, chimene sindinachiwerenge paliponse koma ndachiona kambiri: nkhani imafufutika, ululu wake n'kutsala. Mawa lake nditalowa ndi lezala ndi sopo anatembenukira kukhoma. Sankadziwa chimene ndinawalakwira. Ankangodziwa kuti munthu uyu ayi. Anawameta ndi mnzanga wina, n'kuwacheka pachibwano.

Mwanayo anayesetsa, ndipo ndimamuchitira umboni. Ankafika m'mawa, milomo yake youma ndi kusala, n'kukhala pambali pa bedi ndi kapu. Vuto linali lakuti tsopano ambuje ankanena zoona. Unalidi mwezi wa Ramadani. Sakanawauza kuti alakwitsa mwezi.

"Baba, ndinu odwala. Mulungu sakukukakamizani."

"Wodwala ndani? Iwe ndiwe dokotala?"

"Ndine mwana wanu."

"Mwana wanga ali kusukulu. Chotsa madziwo, usandichimwitse."

Madzulo ankayembekezera dzuwa lenileni, tende ali m'manja. Koma nthawi imeneyo ambuje ankakhala ali pampanda, akufuna chulu, ndipo mwana wawo akawagwira mkono ankamumenya ndi kofiya n'kumutchula wapolisi. Azana ya kumzikiti wa pafupi ikamveka ankalira kuti wina waitana m'malo mwawo. Mwanayo ankamasula yekha pakhonde, ndi madzi a pampopi, bambo ake atagona chosadya.

Thupi limene tinalimanga miyezi yonse ija linagumuka mofulumira kuposa mmene linabwerera. Kachitini kolavulira kanabwerera pambali pa bedi, kenako kanasiya kufunika chifukwa malovu anatha. Anasiya kupita kumpanda, miyendo inakana. M'mawa wina anesi anamuitana mwanayo, anatsina khungu la bambo ake iye akuona, ndipo linaima.

"Kwatsala diripi," anatero. "Ndipo kuti isazulidwe, manja awo ayenera kumangidwa kubedi ndi nsalu. Ndikukuuzirani pano kuti musadzanenenso kuti sitinakufunseni."

Mwanayo anatuluka n'kukaima pakhomo la khitchini. Analankhula ndi achemwali nthawi yaitali m'Chiyao, motsitsa mawu, ndipo zimene anakambirana sindinazimve ndipo sindinafunse. Ndinali kumbuyo kwa nyumba ndikutsuka ndowa za usiku pamene anandipeza.

"Chitenje chija chili kuti?"

Chinali chopinda pashelefu m'kachipinda komweko. Tinachipachika awiri, iye mbali iyi, ine mbali iyo. Anali wamtali kuposa ine, ndipo anaona kampata pamwamba kamene ine ndinali ndisanakaonepo, n'kukatseka ndi pilo. Sitinapepesane.

"Sandikhulupiriranso," ndinamuuza. "Ndikanena ine samwa."

"Ndikudziwa."

Anawanyamula bambo ake m'manja ngati mtolo wa mapesi, kudutsa m'kanjira ka mdima kaja. Achemwali analowetsa kapu, mbale ya futali yofewa ndi tende, n'kutuluka. Ine ndinatsala kunja kwa chitseko, nditaponda bulangete kuti kuwala kusalowere pansi. Zonse ndinkazimva.

"Lalowa?"

Ndinkamva mayi wochapa akukung'untha shiti kubwalo.

"Lalowa, baba."

"Waliona ndi maso ako?"

"Ndaliona."

Azana ya tsiku limenelo inali yonong'ona, yoduka pakati kuti apume. Koma anaimaliza. Kenako ndinamva kapu ikugunda mano, ndi kumeza, kumeza, kumeza.

"Mlendo ayambe," anatero ambuje. "Tenga. Wamanga tsiku lonse, milomo yako ikuoneka."

Mlendo uyu anali atamangadi, ndipo kunja dzuwa linali pamutu. Ndinamva mwanayo akuthokoza, kenako phokoso la milomo ngati la munthu amene akutafuna. Ambuje anakhutira n'kuyamba kudya.

Mwanayo atatuluka maso ake anali ofiira. Anatambasula chibakera. M'katimo munali tende mmodzi wophwanyika, womatirira ku zala.

"Idyani inu," anatero. "Ine ndamanga."

Ndinadya. Sindinadziwe china choti ndichite.

Anakhala mpaka Idi, akulowetsa dzuwa yekha tsiku lililonse, ine ndikuponda bulangete. Ambuje anadzukanso, anayambanso kuyenda. Tsiku lobwerera ku Nayuchi mwanayo anandipeza pageti, chikwama chili paphewa.

"Ine sindingakhale kuno mpaka kalekale," anatero. "Muzinena mawuwo. Koma dzina lija lithe. Si nkhani yoseka."

Ndinamuuza mlonda, ndinamuuza mayi wochapa. Linatha tsiku lomwelo. Achemwali okha analiiwala kamodzi, n'kudzigwira pakamwa ndi chipande.

Chimene ndinkaopa chinali chakuti mwanayo akachoka ambuje akana kumwa m'manja mwanga, ndipo tifika ku nsalu zomangira kubedi zija. Koma matenda amene anasunga ululu uja anadzaufufutanso. M'mawa mwake nditalowa ndi lezala sanatembenukire kukhoma. Anandiyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo, n'kukweza chibwano kuti ndimete.

Masana ndinawagwira dzanja, tinayenda m'kanjira ka mdima, ndinatseka chitseko. Anakhala pamkeka n'kuyang'ana kufiira kwa pawindo.

"Lalowa?"

"Lalowa, ambuje."

"Waliona ndi maso ako?"

"Ndaliona."

Dzanja lawo linafufuza mumdima mpaka linapeza mkono wanga.

"Iwe sunama."

Anaitana. Ndinawapatsa kapu, ndipo anamwa yonse.